Mpando wa Ukhansala Walemera: Ndani Ayenera Kuukhala?

Kwa zaka zambiri anthu a kumidzi akhala akuuona mpando wa khansala ngati kampando ka pakhonde. Pa tsiku la masankho maso onse amakhala pa Mtsogoleri wa dziko ndi pa phungu wa Nyumba ya Malamulo, ndipo pepala la khansala ambiri amaliconga mothamanga, poyang'ana cizindikiro ca cipani osawerenga ngakhale dzina la munthu. Cizolowezi cimeneci ciyenera kutha, pakuti mpandowu suli monga unaliri kale.

Cimene causintha ndi ndalama. Thumba la citukuko ca dera la phungu, limene ambiri alidziwa ndi dzina lakuti CDF, linali kulandira K1.6 miliyoni pa dera lililonse mu 2021. Mu 2022 Boma linakweza ndalamazi kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 zinafika pa K36.1 miliyoni. Zimapyola m'manja mwa khonsolo, ndipo ndizo zimene zimamanga zipinda za sukulu ndi tizipatala ta kumidzi, kukumba zitsime za mpope ndi kulipirira ana osauka ku sukulu zogonera komweko. Pempho la mudzi limayambira mu komiti ya citukuko ya m'wadi, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la makhonsolo la 2019, ndipo khansala amakhalamo. Iye sasunga ngakhale ngwee imodzi ya thumbali. Komabe wadi imene khansala wace ali wogona, mapempho ace amafika ku Boma mocedwa kapena olembedwa mwacisawawa, ndipo ulalo umene anthu anaulira zaka khumi umakamangidwa pa mtsinje wa anzao.

Akuluakulu akumbukira kuti ufulu wosankha khansala sunali wa aliyense nthawi zonse. Pansi pa lamulo la 1980, m'nthawi ya cipani cimodzi ca UNIP, makhansala anali kusankhidwa ndi a cipani okha, ndipo wapampando wa khonsolo anali Gavanala woikidwa ndi Mtsogoleri wa dziko. Lamulo la 1991 linabwezera voti kwa anthu onse, ndipo kuyambira mu 2016 ngakhale meya ndi wapampando wa khonsolo amasankhidwa ndi anthu eni ace.

Koma malamulo a dziko amene anakonzedwanso mu 2016 anabwera ndi mpanda watsopano. Anati wofuna ukhansala akhale wa zaka 19 kapena kuposerapo, wokhala m'boma lomwelo, wopanda ngongole ya misonkho ya khonsolo, ndiponso wokhala ndi satifiketi ya Giredi 12 kapena yolingana nayo. Mu 2021 khoti loona za malamulo a dziko, poweruza mlandu wa mpando wa phungu wocokera ku Lundazi, linanena kuti satifiketi ya nchito za manja silowa m'malo mwa Giredi 12.

Colinga ca lamuloli ncomveka. Khansala amalandira mapepala a bajeti olembedwa m'Cingelezi, ndipo munthu amene sangawerenge manambala amangokweza dzanja pa zimene akuluakulu a ofesi anakonza kale. Koma mtengo wace talipira ife a kumidzi. Mlimi amene watsogolera kopaletivu zaka makumi awiri, amene adziwa dambo lililonse limene limadula msewu m'mwezi wa February, sangaime cifukwa anasiyira sukulu mu Giredi 7. Amai, amene ambiri a iwo anacotsedwa pa sukulu ali aang'ono kuti akakwatiwe, ndiwo anatsekeredwa kunja koposa. Pa masankho a 2021, mwa makhansala khumi alionse osankhidwa, amai sanakwane ngakhale mmodzi. Tiyenera kunena mosabisa kuti m'mawadi ena zipani zimayamba zafunsa kuti ndani ali ndi pepala, ndipo funso lakuti munthuyo wacitapo ciani m'mudzi limabwera pambuyo, ngati libwera n'komwe. Motero mpando umagwera mnyamata amene wasowa nchito m'tauni, wabwera kudzafuna colowa m'thumba.

Sitinena kuti acinyamata asaime. Alipo amene agwira nchito yotamandika, ndipo miyendo yao imafika kumene akulu sangafike. Cimene tinena n'cakuti satifiketi imangotsegula citseko. Sikuti ndiyo imasankha munthu. Osankha ndinu. Woima akafika pa mudzi ndi citenje ndi mcere, mufunseni ngati anakhalapo pa msonkhano wa komiti ya m'wadi, ndi zitsime zingati zimene zinafa m'wadi mwace, ndipo pempho la ulalo limayenda njira yotani kucokera pa mudzi kufika ku khonsolo. Amene alonjeza kuti adzamanga yekha sukulu, kapena sadziwa nchito imene akuipempha, kapena akunamizani. Kufika pa maliro n'khalidwe labwino, koma bokosi limene wagula si citukuko.

Akulu amene lamulo lawakaniza mpandowu asataye mtima. Mamembala oimira zigawo za wadi mu komiti ya citukuko amasankhidwa ndi anthu a m'midzi yomweyo, ndipo mafumu ali ndi owaimira ao m'khonsolo. Mutu umodzi susenza denga: khansala wophunzira amene ali ndi komiti ya anthu odziwa dera amapita ku Boma ndi mau olemera. Izi n'zofunika makamaka m'maboma atsopano monga Chipangali, Kasenengwa, Lumezi, Chasefu ndi Lusangazi, kumene makhonsolo akali kumera mizu.

Kwa inu amene mtima ukukuuzani kuti muime, dziwani kuti munthu angaime pa tikiti ya cipani kapena payekha. Masankho amacitika pa Cinai caciwiri ca mwezi wa August pa zaka zisanu zilizonse, koma mapepala amaperekedwa miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Satifiketi yanu iyenera kutsimikizidwa ndi bungwe la mayeso la Examinations Council of Zambia, ndipo dzina lolembedwa pamenepo ligwirizane ndi la pa citupa canu. Ngati mainawo asiyana, yambani kukonza tsopano, osati m'sabata yopereka mapepala.