Ndalama za Google zikudutsa, mwana wamkazi ali pa benchi ya tomato

Atsikana anzathu, amayi, ndi inu abambo amene mumawerenga mwakachetechete osayankhapo, tiuzane zoona.

Kuyambira 2005 kampani ya Google imalipira achinyamata kuti akonze mapulogalamu a kompyuta aulere, aja amene aliyense amaloledwa kuona mmene analembedwera ndi kuwasintha. Amati Google Summer of Code. Summer yawoyo kwathu kuno ndi nyengo yachisanu, Juni mpaka Ogasiti, koma ndalama yake njotentha: ntchito yaing'ono imayambira madola 750, yapakati 1,500, yaikulu 3,000. Kuyambira 2022 safunanso kuti ukhale pasukulu, bola zaka 18 zakwana ndipo ndiwe watsopano pantchitoyi. Palinso Outreachy, imene inayamba ngati pulogalamu ya azimayi ku GNOME, ndipo imapereka madola 7,000 pa miyezi itatu. Werengerani nokha pa mtengo wa dola wa lero.

Nanga bwanji tikafunsa atsikana amene anamaliza ICT amangotiyang'ana? Uthengawu umayenda m'magulu a WhatsApp a anyamata, umathera momwemo. Ena amauza mtsikana, inde, koma akuwonjezera kuti "ubwere kwathu madzulo ndidzakuwonetse." Timawadziwa.

Pitani mu Msika wa Lilongwe. Pa mabenchi okonza mafoni pafupifupi onse ndi amuna, ndipo palibe amawafunsa satifiketi, anaphunzira pomasula mafoni akufa. Wolokani kamlatho kamitengo kupita kwa Tsoka, mupeza mtsikana wa digiri akulondera kaunjika wa mayi ake kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, laputopu yapanyumba ili ndi mchimwene wake chifukwa "iyeyo ndi amene amazitha." Akafika kunyumba ku Kawale kapena ku Area 36, poto akumudikira, mbale zikumudikira, magetsi azima. Outreachy imafuna maola 30 pa sabata. Awatenga kuti? Mwana wa ku Area 10 kapena Area 43 ali ndi Wi-Fi, sola ndi wantchito wotsuka mbale. Nzeru sizisiyana ayi, chosiyana ndi nthawi ndi bando.

Chimene chimatipweteka kwambiri nchakuti ntchitoyi ndi yosamalira. Kupeza pamene pulogalamu yalakwika, kukonza, kuyesa ngati ikugwirabe, kulemba malangizo kuti wobwera pambuyo asasochere. Ntchito yosaoneka, imene anthu amaikumbukira pokhapokha zinthu zikawonongeka. Amayi a kuno, mukuimva kuti njachilendo? Takhala tikuigwira ulere m'makomo zaka zonsezi. Lero yapezeka yolipira madola, basi yasanduka ya amuna eti?

Ndipo si zakutali. DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo umasungiramo ziwerengero za zipatala, ndi pulogalamu yamtunduwu. OpenMRS, yosungira mbiri ya odwala, imagwiritsidwa ntchito ku Neno ndipo yakhala ikutenga achinyamata kudzera mu Google Summer of Code. Mayi akapita kusikelo, nkhani yake imakathera m'makina amenewa. Mwana wake wamkazi akhale kunja pamene akuwakonza? Rachel Sibande anayambitsa mHub mu Lilongwe momuno. Ory Okolloh ndi Juliana Rotich anali m'gulu loyambitsa Ushahidi ku Kenya mu 2008. Asatinamize kuti mutu wa mkazi sugwira zimenezi.

Inu a mabungwe, tatopa ndi maphunziro a masiku awiri m'mahotela a ku City Centre, T-shirt, chithunzi, alawansi, aliyense kwawo. Ndalama ya chakudya chamasana chimodzi cha kumeneko ingagulire atsikana angapo bando ya mwezi wathunthu. Tipatseni chipinda cha magetsi osazima kuyambira Febuluwale mpaka Epulo, chotseka nthawi yoti mtsikana apeze minibasi kusanade. Inu aphunzitsi a ku UNIMA, MUBAS, MUST, Mzuni ndi LUANAR, lengezani m'kalasi, pamaso pa onse, osati kunong'oneza anyamata anu atatu okondedwa. Inu mayi, tikudziwa kuti benchi ndi imene imatidyetsa, koma mchimwene wakeyo manja ali nawo. Akhalepo iye masana.

Iwe mtsikana, usadikire kuti ukhale katswiri. Mabungwe otenga nawo mbali amalengezedwa chakumapeto kwa Febuluwale, kalata zofunsira amalandira mu Malichi, zaka zina mpaka kumayambiriro kwa Epulo. Amene amayamba kulemba sabata yomaliza nthawi zambiri sapita patali, chifukwa alangizi amasankha munthu amene amuonapo kale akugwira ntchito. Tsegula akaunti ya GitHub lero. Sankha bungwe limodzi, lowa m'macheza awo, funsa funso ngakhale Chingerezi chikupunduka, konza kanthu kakang'ono ngakhale chilembo cholakwika m'malangizo. Akakubwezera kuti ukonzenso, si chipongwe, ndi mmene ntchitoyi imayendera kwa aliyense.

Amene muli ndi laputopu yongogona m'kabati, tilembereni ku inbox. Amene mukufuna kufunsira chaka chino, lembani dera lanu m'munsimu tikuikeni awiriawiri ndi mnzanu wapafupi.