Mwalipira Villa ku Zanzibar, Manje Chokaniko Panja

Mwayamba kale kuika mu chilimba, gulu la pa WhatsApp lili na dzina, na mnzanu uja wapeza villa ku Paje ya vipinda vitatu na swimming pool. Zabwino. Koma nikuuzeni vamene ninaona ine na anzanga asanu: masiku awiri oyamba tinathera mu pool kujambula vithunzi, monga kuti tinachoka ku Lusaka kukafuna madzi a chlorine amene tinasiya ku Kabulonga. Ndalama ya chaka chonse si ya kugonera pa mpando, bane.

Choyamba, dziwani nyanja. Ise a ku Zambia tinazolowera Kariba, madzi amene m'mawa ali pamene munawasiya madzulo. Ku Paje na ku Jambiani sivili choncho. Madzi amathawa patali kawiri pa tsiku, kusiya mchenga woyera chabe, kenako yabwera. Funsani wosunga nyumba nthawi yamene madzi adzaza, ndiye nthawi yosambira. Akathawa, yendani pansi mukaone azimayi amene amalima ndere za m'nyanja pa zingwe. Pemphani musanajambule munthu, ni nchito yawo ija.

Ulendo wapafupi ni nkhalango ya Jozani, pa msewu wopita ku town. Kuli anyani ofiira, ma red colobus, amene kwawo ni pa chilumba ichi. Amakhala pa nthambi pafupi na mutu wanu, alibe na mantha. Pitani m'mawa kukalibe kutentha, osawapatsa vakudya. Pali na kamlatho ka matabwa kodutsa mu mitengo yomera m'madzi a mchere. Pofika nthawi ya nsima mwabwerera.

Tsiku lathunthu lisungireni Stone Town, pafupifupi ola limodzi pa motoka. UNESCO inaika mzinda uyu pa mndandanda wa malo osungidwa mu 2000. Tinjira twake ni tung'ono kupambana twa mu Chibolya, ndipo mudzasochera, osadandaula. Okonda nyimbo, Freddie Mercury wa Queen anabadwira kuno mu 1946. Ku doko kuli maboti opita ku Changuu, Prison Island, kwamene kuli akamba akuluakulu ochokera ku Seychelles. Madzulo khalani ku Forodhani Gardens, mudye Zanzibar pizza na madzi a nzimbe. Mtengo funsani asanaike pa moto.

Koma ngati nthawi yachepa, siyani vonse mupite ku Christ Church, tchalitchi cha Anglican chomangidwa pamene panali msika wa akapolo. Msika uja anautseka mu 1873. Ambiri ogulitsidwa paja anachokera kumtunda kuno, mpaka ku madera a nyanja ya Malawi, anthu okamba zinenero zamene mungamve. Mukati muli mtanda wa mtengo. Mtengo wake unachokera ku Chitambo, kwathu ku Central Province, pamene anaika mtima wa David Livingstone mu 1873 yomweyo, Susi na Chuma asananyamule thupi lake mpaka ku Bagamoyo. Mnzathu amene sakhala chete, uja wa nthabwala mu minibus, anatuluka mu chipinda chapansi chimene amati anali kusungiramo akapolo osakamba kanthu mpaka ku motoka. Ni paja pamene ulendo unaleka kukhala wa vithunzi.

Manje za thumba. Pa mchenga mudzakumana na anyamata ogulitsa maulendo, okamba bwino kupambana ang'wang'wazi a pa City Market. Ise tinapatsa mmodzi ndalama ya boti tsiku lisanafike, ati tikumane m'mawa. Mpaka lelo tikali kumuyembekeza. Osalipira vonse pasadakhale. Pitirani mwa wosunga villa, mugwirizane mtengo, ndipo mufunse ngati ndalama yolowera pa geti ilimo. Mukakhala asanu kapena asanu na mmodzi, motoka imodzi ya tsiku lonse mugawana bwino. Mukakhala awiri, kwerani daladala, ni minibus yathu chabe yokamba Chiswahili. "Bei gani?" ndiye kuti "ni zingati?" Mau awa adzakupulumutsani.

Chinanso, anthu ambiri pa chilumba ni Asilamu. Vovala vosambira visiyeni ku mchenga. Mu town na m'midzi phimbani mapewa na mawondo. Asisi, chitenge chija mwaika pansi pa chikwama ndiye nthawi yake.

Mwakhala masiku mu sitima ya TAZARA kuchoka ku Kapiri Mposhi, makilomita 1,860 mpaka Dar es Salaam, kenako maola awiri pa boti. Mtunda wonse uja simunayendere kukaona khoma la villa. Gawani masiku musananyamuke: limodzi la Jozani, limodzi la Stone Town, otsala a nyanja. Pool muzisamba usiku, mukabwerako.