Buku lotsatira si mkute ayi

A Mkonzi,

Ndiloleni nditsutse amene akumanena kuti mlembi akatchuka ndi buku loyamba, mabuku otsatira amangokhala mkute.

Taonani Chinua Achebe wa ku Nigeria. Things Fall Apart, la 1958, aliyense amalitama, ndipo nkoyenera. No Longer at Ease, la 1960, lonena za mdzukulu wa Okonkwo wogwidwa pa ziphuphu, ndilopepukirapo, sindikana. Koma lachitatu, Arrow of God, la 1964, ndilo laposa onse. Wansembe wamakolo Ezeulu, atapsa mtima, anachedwetsa mwambo wokolola zilazi. Anthu ake atagwa m'njala, anamuthawa kupita kutchalitchi.

Abusa ndi mafumu amene munalekera pa loyamba lija, lachitatuli likunena za mpando wanuwo.

Wokonda kuwerenga,
Ntcheu.