Chinsinsi cha Wodwala Chisafike Pamsika

Munthu wochokera ku Jenda kapena ku Edingeni akadzaonana ndi mlangizi wa matenda a maganizo pa chipatala cha Boma ku Mzimba, amaulula zinthu zimene ngakhale mkazi wake sazidziŵa: ngongole, uchidakwa, maganizo ofuna kudzipha. Akamva kuti zimenezi zafika pamsika sabwereranso, ndipo mankhwala amasiyira panjira.

Gawo 21 la Malamulo Aakulu a dziko lino a 1994 limateteza chinsinsi cha munthu aliyense. Lamulo la 2024 loteteza mbiri za anthu linaika nkhani za umoyo m'gulu la zofunika kusamalidwa mwapadera, ndipo bungwe la MACRA linapatsidwa udindo woliyang'anira.

Komatu chinsinsi chimatayikira m'tinthu tating'ono. Buku la kuchipatala amasunga wodwala mwini, ndipo kunyumba apongozi angathe kulitsegula. Kalaliki akajambula faelo pa foni nkuitumiza pa WhatsApp, maŵa lake nkhani yafika kwa abale ku Johannesburg. Akuluakulu a zipatala, kuyambira pa Boma mpaka ku Embangweni, ayenera kukhomera mafaelo otere m'makabati. Bwana kapena mfumu yodzafunsa za matenda a munthu wake ibwezedwe pakhomo ngati mwiniwake sanavomereze.