Chenjezo likafera mu ofesi, ayankhe ndani?

Namondwe wa Freddy atalowera ku Quelimane m'mwezi wa Marichi 2023, mvula yake inafika mpaka kummwera kwa Niassa, ndipo kutsidya la malire ku Malawi anthu mazanamazana anafa. Akatswiri a zanyengo a INAM anali atalengeza kale kuti namondweyo akubwera. Koma kulengeza ku Maputo si kumveka ku Massangulo.

Ku Italy nkhani yotere inafika kukhoti. Chivomezi cha mu 2009 ku L'Aquila chitapha anthu 309, akatswiri ndi akuluakulu asanu ndi awiri anagamulidwa mu 2012 kukhala m'ndende zaka 6. Pa apilo mu 2014, asanu ndi mmodzi anamasulidwa. Anatsala ndi mlandu ndi Bernardo De Bernardinis, mkulu wa boma amene anatonthoza anthu kuti palibe choopsa.

Chigamulo chachiwirichi n'cholondola. Katswiri salamula mitambo, ndipo kumumanga chifukwa mvula yaposa muyeso kungangochititsa anzake kutseka pakamwa. Koma wantchito wa boma amene walandira uthenga wa INGD n'kuukhalira, kapena kuuulutsa m'Chipwitikizi chokha kwa alimi olankhula Chiyao, Chimakua ndi Chinyanja, ameneyo ayenera kuyankha.

Dziko lino lili ndi lamulo la za ngozi zogwa mwadzidzidzi la mu 2020. Choncho mafumu a ku Ngauma, Mandimba ndi Cuamba afunse dzinja lisanafike: wolandira chenjezo kuboma ndani, ndipo amalifikitsa ku wailesi ya m'dera pa maola angati? Dzina lake lidziwike m'mudzi uliwonse wa m'mbali mwa Lugenda.