Mabanki ndi Madola a Mafuta ku South Sudan

Pamene dziko la South Sudan linalandira ufulu wodzilamulira pa 9 July 2011, linatenga pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a mafuta amene dziko la Sudan linkakumba, ndipo popeza pafupifupi ndalama zonse za boma latsopanoli zinkachokera ku mafutawo, mabanki a ku Kenya monga KCB ndi Equity anaona mzinda wa Juba ngati munda wachonde wopanda mlimi. Komabe phindu lalikulu la mabanki silinkachokera ku ngongole zopatsa alimi ndi amalonda, chifukwa anthu ambiri analibe chikole, chomwe ndi katundu amene banki ingalande ngongole ikakanika kubwezedwa, koma linkachokera ku ntchito yosintha ndi kutumiza madola. Madolawo ankadalira mapaipi odutsa m'dziko la Sudan mpaka ku doko la Port Sudan, kotero kuti boma la South Sudan litaimitsa kukumba mafuta mu January 2012 pokangana ndi boma la Sudan za malipiro odutsitsira mafutawo, ndiponso nkhondo yapachiweniweni itabuka mu December 2013, ndalama zakunja zinasowa kwambiri. Mu December 2015 akuluakulu a boma anasiya kuikira paundi, ndalama ya South Sudan, mtengo wokhazikika, ndipo dola imodzi, imene inkagulidwa ndi mapaundi osakwana 3, inakwera kupitirira mapaundi 18. Ngakhale kampani ya SABMiller, yomwe inalimba mtima n'kumanga fakitale yofulula mowa ku Juba, inalengeza mu 2016 kuti ikuitseka chifukwa chosowa madola ogulira zipangizo kunja.