Senha ya pamsika si lisensa

Mbatata ya kachewere ndi fodya zikagulitsidwa, mabaraka atsopano amamera ku Ulónguè, ku Dómuè ndi ku Zóbuè. Ichi n'chabwino. Chodandaulitsa n'chakuti ambiri a mabarakawa amatsekedwa mwamsanga mphekesera ikangomveka kuti mafisikali afika.

Cholakwa chachikulu n'chimodzi. Ambiri a inu mumaganiza kuti kapepala ka senha kamene mumalipira tsiku ndi tsiku kumsika ndiko chilolezo cha malonda. Ayi. Senha ndi ya malo amene mwayalapo katundu tsiku limenelo basi. Wokhala ndi baraka, loja kapena chigayo afunika lisensa, ndipo lisensa sipatsidwa kwa munthu wopanda NUIT, nambala ya msonkho ya manambala 9 imene a Finanças amapereka kwaulere. Wina akakuuzani kuti muigule, ameneyo ndi wakuba. Ndipo lisensa ya mlamu wanu yogulitsira sopo ndi shuga siikutetezani inu pogulitsa mowa.

Ena amaopa kulembetsa poganiza kuti msonkho udzawamaliza. Koma mu 2009 Boma linakhazikitsa ISPC, msonkho wopepuka wa amalonda ang'onoang'ono. Pitani mukafunse za iwo musanathawe.

Pali za malire. Katundu wochokera ku Dedza kapena ku Mwanza wodzera njira zachidule amaoneka wotchipa, mpaka tsiku limene a Alfândega afunsa mapepala ndi kulanda zonse. Mitengo nayo ilembedwe poonekera, m'mameticais, ngakhale wogula atabwera ndi makwacha m'thumba. Mafuta ophikira, mabisiketi ndi zakumwa zopitirira tsiku lake zichotsedwe, chifukwa odya ndi ana athu omwe.

Amene mwalemba mnyamata ntchito, dziwani kuti INSS imafuna 7 pa 100 ya malipiro ake mwezi ndi mwezi: 4 kuchokera kwa bwana, 3 kwa wantchito. Kumdula 3 wakeyo koma osakapereka ndi mlandu.

Nawo akuluakulu tiwauze. Mlimi wa ku Tsangano sangawerenge lamulo lolembedwa m'Chipwitikizi chovuta. Lifotokozedwe m'Chinyanja, pa wailesi ndi pa misonkhano ya mafumu, multa isanagwe. Ndipo multa yoona imabwera ndi pepala lolembedwa, ndi resibu. Amene akupemphani "refresco" kuseri kwa baraka, mufunseni dzina lake ndi chitupa cha ntchito, mukanene ku Administração.